Alur dom wanga sakufanana ndi wa ku Kolkata

Wophika kumene:
Abale ndithandizeni. Chaka chatha ndinakhala miyezi itatu ku Kolkata, mzinda wa ku India, pa maphunziro. Mayi a nyumba imene ndinkakhala ankaphika timbatatesi ting'onoting'ono m'msuzi wofiira wogwirana, iwo amati alur dom, ndipo tinkadyera luchi, timabuledi ta ufa woyera tokazinga m'mafuta ambiri mpaka kufufuma. Ndayesa kawiri. Koyamba msuzi unali madzi okhaokha, mbatatesi mkati mosalowa kanthu. Kachiwiri ndinapeza mafuta a mpiru, koma chakudya chonse chinkaluma pamphuno mpaka ana anachikana. Ndikulakwitsa pati?

Mayi wa anyamata atatu:
Mafutawo si olakwa achemwali, ndiwo amapereka fungo lenileni la chakudya cha ku Bengal, dera limene kuli Kolkata. Kungoti muziwatenthetsa kaye mpaka ayambe kutulutsa kautsi, kenaka muchepetse moto. Ukali uja umathera pamenepo. Mbatatesi muziwiritse ndi makoko ake, koma zisapse mpaka kuphwanyika. Sendani, boolani paliponse ndi foloko, pakani mchere ndi turmeric, mukazinge mpaka kunja kufiire.

Wokonda tsabola:
Ine ndikukayikira kuti munathira madzi msanga. Aliyense amachita zimenezo poyamba, inenso ndinachita. Anthu a kumeneko ali ndi mawu oti koshano, kutanthauza kukazinga zonunkhiritsa modekha mpaka mafuta atulukire m'mbali mwa poto. Mukachotsa mbatatesi zija, m'mafuta omwewo ponyani tsamba la bay, tsabola wouma, nthangala za cumin, cardamom, cloves ndi kachidutswa ka sinamoni. Zikayamba kununkhira thirani anyezi wopera. Akafiira onjezani jinja, tomato, ufa wa cumin ndi wa coriander, ndi tsabola wa Kashmiri amene amafiiritsa msuzi osawawa kwenikweni. Tsono apa ndi pofunika mtima wautali. Takasani mphindi 10 kapena 15, zikafuna kugwira pansi muwazeko timadzi pang'ono basi. Fungo la tomato wosapsa likatha, mafuta n'kuonekera, bwezerani mbatatesi zivale zonunkhiritsazo. Madzi otentha kapu imodzi akwanira mbatatesi theka la kilo. Vundikirani, moto ukhale wochepa kwambiri. Kuphika kovundikiraku ndiye dom imene ili m'dzinalo. Shuga pang'ono musaiwale, ku Kolkata amamukonda m'ndiwo. Pomaliza kasupuni ka ghee (batala woyenga) ndi garam masala (zonunkhiritsa zopera zosakaniza), muphule.

Agogo aakazi:
Zonse mwanenazi n'zoona mwanangu, koma anyezi sindikugwirizana naye. Pali kaphikidwe kotchedwa niramish, kopanda anyezi ndi adyo, kamene amaphika masiku a mapemphero achihindu. M'malo mwa anyezi amathira hing, ufa wonunkhiritsa umene pa Chingelezi amati asafoetida. Ameneyu ndi wa fungo lamphamvu zedi, mungotsina pang'ono m'mafuta otentha. Kwa ine alur dom wa hing ndiye wokoma, mbatatesi imamveka kuti ndi mbatatesi. Mwina ndi amene munkadya.

Wophika kumene:
Agogo mwandikumbutsa! Mayi aja sindinawaonepo akudula anyezi pophika zimenezi, ndipo panali kabotolo kakang'ono kamene ankatseka mwamsanga akangotapamo. Loweruka ndiyesa wa hing. Nanga luchi, pokanda ufa ndithire madzi ofunda kapena ozizira?