Atiitana kulowa mu pulojekiti ya Horizon Europe kutatsala masabata atatu, tivomere?

Wa ku 47

Moni akuluakulu nonse. Ndili ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo kuyambira Lachisanu, ndipo ndikudziwa kuti pano pali ena amene munadutsamo kale.

Tilipo anthu anayi, tili ndi kakampani ka zamakompyuta kuno ku Lilongwe. Ofesi yathu ndi chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya azakhali anga ku Area 47. Kwa zaka zitatu takhala tikukonza njira yoti mlimi wa foni ya mabatani aziimba, kufotokoza m'Chichewa zomwe waona m'munda mwake, n'kulandira yankho. Chinandiyambitsa ndi ntchemberezandonda zija zinasakaza chimanga mu 2017. Mayi anga ku Mitundu anaonongekedwa theka la munda akudikira alangizi, amene nawonso anali mmodzi yekha pa midzi yambirimbiri. Panopa tili ndi mawu a alimi omwe tinajambula ku Mitundu, ku Nsundwe ndi ku Nkhoma, maola 140. Tinayenda tokha pa minibasi ndi pa kabaza, ndalama yake ndi yomwe timapeza tikapangira anthu mawebusaiti. Mlimi aliyense tinamufotokozera, ena anasaina, ena anadinda chala.

Lachisanu lapitali ndinalandira imelo kuchokera kwa pulofesa wa yunivesite ina ya ku Ulaya. Akuti akulemba pulopozo ya Horizon Europe, pulogalamu ya European Union (EU) yopereka ndalama za kafukufuku, ali mabungwe 11, ndipo akufuna ife tikhale oyesera makina awo kumudzi komanso osonkhanitsa deta. Atilembera ma euro 60,000 pa zaka zitatu. Akufuna tiwatumizire logo, ma CV, kalata yovomera ndi nambala ina akuti PIC, zonse pofika Lachitatu. Pulopozo yeniyeniyo sanatitumizire, angotipatsa tsamba limodzi.

Anzanga awiri akuti tisachedwe, ndalama imeneyi sitinaigwirepo chiyambire. Ine mtima ukukana pang'ono. Mawu a alimi aja akalowa m'makina awo, adzakhala a ndani? Ndalamayi imabwera bwanji, poyamba kapena ntchito ikatha? Nanga kodi boma lathu lilibe thumba lakelake la kafukufuku wa mtundu uwu, loti munthu n'kukagogoda ku Capital Hill kapena ku City Centre osadikira azungu?

Nangozo wa maakaunti

Achimwene, zikomo pofunsa musanasaine. Ine ndagwira za ndalama za mapulojekiti a kafukufuku kwa zaka 12, awiri mwa iwo anali a Horizon 2020, pulogalamu yomwe inayenda kuyambira 2014 mpaka 2020 iyi isanabwere. Horizon Europe ndi ya 2021 mpaka 2027, thumba lake ndi pafupifupi ma euro 95.5 biliyoni, ndipo ndi misonkho ya anthu a ku Ulaya. Musaiwale zimenezo, chifukwa ndi chimene amalondolera khobidi lililonse.

Choyamba, PIC musaiope. Ndi nambala ya manambala 9 yomwe mumaipeza mukalembetsa kampani yanu pa Funding & Tenders Portal. N'zaulere, zimatheka tsiku limodzi, ndipo sizikumangani pa chilichonse. Kalembetseni lero ngakhale mutadzakana pulojekitiyi. Zikalata za kampani amadzazifuna pambuyo pake, pulopozo ikapambana.

Chofunika kwambiri n'chakuti muwafunse kuti akulembani ngati ndani. Pali mipando itatu ndipo imasiyana kutali. Mukakhala beneficiary, mumasaina nawo mgwirizano wa EU, bajeti yanu imakhala m'dzina lanu, ndipo pamwamba pa ndalama zomwe mwagwiritsa ntchito amakuonjezerani 25 peresenti ya lendi, magetsi ndi zina za ofesi. Lamulo lawo likuti zotsatira za kafukufuku ndi za beneficiary amene wazipanga. Mukakhala subcontractor, ndinu waganyu: mwagwira, mwalipidwa, zotsatira ndi za amene wakulembani. Mukakhala associated partner, dzina lanu limaoneka pa pepala koma EU sikupatsani kalikonse. Malawi ali pa mndandanda wa mayiko amene mabungwe ake amaloledwa kulandira ndalamazi mwachindunji, ndiye wina asakuuzeni kuti kampani ya ku Lilongwe singakhale beneficiary. Chomwe simungathe ndi kuwerengedwa pa mabungwe atatu amene pulopozo ya mtundu uwu imayenera kukhala nawo. Amenewo amayenera kuchokera m'mayiko atatu osiyana a EU kapena ogwirizana ndi pulogalamuyi, limodzi likhale la mu EU mwenimweni. Pali ma call (zilengezo zoitana mapulopozo) ena a zamakono amene amatsekera mayiko akunja, koma poti akuitanani, iyi iyenera kuti ndi yotsegula. Werenganibe nokha tsamba la call yo.

Tsopano kabweredwe ka ndalama. Zonse zimapita kaye kwa coordinator, wotsogolera pulojekiti yonse, iye ndi amene amagawa. Gawo loyamba limabwera ntchito ikamayamba, lina mukapereka lipoti patatha chaka kapena chaka ndi theka, lotsiriza pulojekiti itatha ndipo lipoti lomaliza lavomerezedwa. Apa ndi pamene timakampani tating'ono timafera. Pamakhala miyezi yoti mukulipira anthu ndi mafuta kuchokera m'thumba mwanu. Afunseni coordinator kuti gawo loyamba adzakupatsani zingati ndiponso liti, ndipo zilembedwe. Funsaninso ngati ndi ya lump sum. Ikakhala yotero amalipira poona kuti gawo la ntchito latha, osati malisiti. Ikakhala ya masiku onse, lisiti lililonse, ngakhale la kabaza, ndi masiku amene munthu aliyense wagwira, muzisunga mpaka zaka zisanu chilandirireni ndalama yomaliza. Walira mvula walira matope.

Ndi kwacha yathuyi, kambiranani ndi banki yanu za akaunti ya FCDA, yosungiramo ndalama zakunja, ndalama isanabwere. Ine November 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, ndinali ndi ndalama za pulojekiti zomwe tinali titasintha kale kukhala makwacha. Malaputopu omwe tinalonjeza kugula asanu ndi atatu tinagula asanu, ndipo ndinalemba makalata ofotokoza kwa miyezi iwiri.

Ma euro 60,000 pa zaka zitatu ndi 20,000 pa chaka, anthu anayi, kuphatikiza maulendo a kumudzi, mwinanso ndege yopita ku misonkhano yawo ya pachaka. Khalani pansi ndi pensulo usiku uno.

Mphunzitsi wopuma

Mwanawe, mayi Nangozo anena za ndalama ndipo palibe choti ndionjezerepo. Ine ndiyankhe funso lanu lomaliza, kenako ndinene za mawu a alimi aja, chifukwa ndi amene andikhudza.

Thumba la boma lilipo. Bungwe lake ndi National Commission for Science and Technology, NCST, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la sayansi ndi luso la 2003, ndipo lili mumzinda womwe uno. Lamulo lomwelo ndi limene linakhazikitsa Science and Technology Fund. Ndalama zake si zofanana ndi za ku Brussels, ku likulu la EU, koma amalengeza mipikisano ya kafukufuku nthawi ndi nthawi. NCST ilinso mu Science Granting Councils Initiative, yomwe inayamba mu 2015 ndi thandizo la IDRC ya ku Canada, boma la Britain ndi National Research Foundation ya ku South Africa. Kudzera mmenemo pakhala mipikisano yoti ofufuza a kuno agwire limodzi ndi anzawo a ku Zambia ndi Mozambique. Taganizani: Chichewa chanu chomwecho chimayankhulidwa ku Chipata ndi ku Tete. Mnzanu woyamba pa ntchito ya mawu a alimi akanayenera kukhala wa kumeneko, asanabwere wa ku Ulaya. Mayiko a mu African Union anagwirizana kalekale kuti aziika 1 peresenti ya chuma cha dziko pa kafukufuku, koma ndalama za kafukufuku kuno n'zochepabe. Zimandipweteka, chifukwa ana ngati inu mumakathera m'manja mwa amene wayamba kukutumizirani imelo.

Mipikisano yambiri ya mtundu umenewu imafuna kuti wotsogolera akhale wa ku yunivesite kapena ku malo a kafukufuku. Inu muli ndi Bunda pakhomo pa mayi anu penipeni. Pitani ku LUANAR mukapeze mphunzitsi wa zaulangizi kapena wa tizilombo ta mbewu, mumuonetse zomwe mwapanga. Kuli Chitedze, malo a kafukufuku wa zaulimi. Ku Blantyre kuli MUBAS, ku Thyolo kuli MUST. Ndipo ambiri sadziwa kuti UbuntuNet Alliance, yomwe imalumikiza ma netiweki a mayunivesite a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, likulu lake lili ku Lilongwe konkuno. Yagwira ndi EU pa AfricaConnect, pulojekiti yolumikiza ma netiweki amenewa, kuyambira 2011, ndipo MAREN, netiweki ya mayunivesite athu, ndi membala. Anthu amenewo mapepala a ku Brussels amawadziwa ngati chikhatho chawo. Ine ndinaphunzira zambiri pa msonkhano wa zamakompyuta wa IST-Africa womwe unachitikira kuno mu 2015, makamaka pa nthawi ya tiyi, pocheza ndi anthu oterewa.

Za mawu a alimi. Mu mgwirizano wa mabungwe a mu pulojekiti, womwe amautcha consortium agreement, muli malo olembapo zomwe aliyense wabwera nazo kale. Amazitcha background. Maola 140 anuwo alembedwe pamenepo, m'dzina la kampani yanu, ndi malire ake: agwiritsidwe ntchito pa kafukufuku uyu yekha, wofuna kupangira malonda abwere mudzakambirane. Mukapanda kulemba, mawa mudzauzidwa kuti zinasakanikirana ndi zawo.

Koma ngakhale musanafike pamenepo, bwererani ku pepala lomwe alimi anadinda chala lija. Munawauza kuti mawu awo apita kuti? Ngati munati ndi oti muwathandizire pa mbozi, simunawauze kuti adzakaphunzitsira makina ku dziko lina. Tili ndi Data Protection Act ya 2024, MACRA ndi imene ikuyang'anira, ndipo muli gawo la kutumiza deta ya anthu kunja kwa dziko. Kafukufuku wokhudza anthu amafunanso chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa ofunsidwa, ndipo NCST ili nayo komiti yotere. A ku Ulaya eni akewo ali ndi malamulo omwe anavomereza mu 2018, TRUST Code, amene amanena kuti ofufuza a m'dziko losauka akhale nawo kuyambira pokonza funso la kafukufuku mpaka polemba zotsatira. Mukawakumbutsa zimenezi simukuwachitira mwano. Ndi zawo zomwe.

Kawale 2

Ine ndingoti samalani. Zaka zinayi zapitazo tinalowa mu pulojekiti ngati yomweyi, ya zaumoyo pa foni. Anatipeza kutatsala masiku khumi. Tinazungulira zipatala za m'midzi miyezi 14, ine ndinagona pa benchi ku Kabudula galimoto itafa. Pepala la kafukufuku litatuluka linali ndi mayina asanu ndi anayi, la Mmalawi panalibe, tinangothokozedwa kumapeto limodzi ndi madalaivala. Seva, kompyuta yosungira zonse, inali kwawo. Pulojekiti itatha anaizimitsa, manesi amene tinawaphunzitsa anayamba kuimbira ine, ndipo ndinalibe chowayankha. Mpaka lero ndikadutsa kumeneko ndimachita manyazi. Sitinaone pulopozo, tinangotumiza logo. Kandimverere anakanena za m'maluwa.

Sindikuti mukane. Koma seva ikhale kuno, ndipo muone ndi maso anu zomwe alemba za inu.

Wa ku 47

Zikomo kwambiri nonse. Aphunzitsi, mwandigwira pamtima. Ndatulutsa pepala lija ndaliwerenganso, limangonena kuti "kuthandiza kukonza uphungu wa pa foni". Za kunja mulibe. Ndiye kuti tiyenera kubwereranso kwa anthu onse aja, ndipo ena mwa iwo ndi azimayi a mpingo wa mayi anga, sindingawazembe.

Mayi Nangozo, tawerengera usiku ndi anzanga. Maulendo okha obwerera kumidzi itatu ija ndi malipiro a anthu awiri zikudya ndalama yonse chaka chachitatu chisanafike. Koma ndili ndi mantha kuti tikafunsa zambiri angotisiya n'kupeza ena. Kodi pamasabata atatu bajeti ingasinthe?

Nangozo wa maakaunti

Imasintha mpaka usiku womaliza, achimwene, ndaziona ndi maso anga. Ndipo dziwani mphamvu yanu. Pulopozo amaipatsa malikisi pa zinthu zitatu: ubwino wa sayansi yake, phindu lake kwa anthu, ndi kayendetsedwe ka ntchito. Chilichonse ndi malikisi asanu, ndipo osafika atatu pa chimodzi mwa izo agwa. Phindu kwa alimi a ku Africa sangalionetse popanda munthu amene alimiwo amamudziwa. Maola 140 a Chichewa cha kumunda sangawapeze kwina pa masabata atatu.

Alembereni mwaulemu, mwachidule. Pemphani pulopozo yonse, mpando wa beneficiary, gawo limodzi la ntchito loti mulitsogolere inu, ndi bajeti yomwe mwawerengera nokha ndi zifukwa zake. Akakana kukuonetsani pulopozo, mwadziwa kale kuti zaka zitatuzo zidzayenda bwanji. Mudziwenso kuti zotsatira zimatenga miyezi isanu, kusaina ina itatu, ndipo mapulopozo ambiri sapambana. Mawebusaiti aja musasiye.

Wa ku 47

Ndabwera kudzakuuzani mmene zayendera. Ndinalemba Lolemba usiku monga munanenera. Dzulo masana ayankha, atumiza pulopozo yonse, masamba 45. Anatilemba ngati subcontractor pansi pa yunivesite yawo, ndipo pa tsamba 19 alemba kuti deta ya Chichewa "ilipo kale" ngati kuti ndi yawo. Pulofesayo wapepesa, akuti analemba ndi wophunzira wake, ndipo wavomera zoti tikhale beneficiary. Za bajeti akuti akambirana ndi anzake Lachisanu. Za seva sanayankhe, ndiye ndafunsanso.

PIC tatenga. Mawa m'mawa ndikwera minibasi ya ku Mitundu, ndikatsikira ku Bunda kukaonana ndi mphunzitsi wina amene wavomera kundipatsa mphindi makumi atatu. Ndikachoka kumeneko ndikagona kwa mayi, ndipo Loweruka ndikayamba ndi azimayi a mpingo aja, pepala latsopano lili m'chikwama. Mayi Nangozo, ngati simudandaula, ndikutumizirani bajeti yathu kumbali muione Lachisanu lisanafike.