Ping ikuti "Lost = 0" koma pulinta sikusindikiza

Mayi wa Fotokope, Zomba

Akuluakulu, ndithandizeni. Ndili ndi kashopu ka fotokope ndi kutayipa pafupi ndi msika. Pulinta ndinailumikiza ku rauta ndi waya, laputopu imagwira Wi-Fi ya rauta yomweyo. Lachiwiri magetsi anazima m'mawa, ndipo chiyakireni pulinta sikulandira kalikonse. Ana asukulu ali pamzere ndi mapepala awo, ine thukuta lili kamukamu.

Mwana wa mchemwali wanga anandiuza pafoni kuti nditsegule Command Prompt ndilembe ping 192.168.1.20, kuti ndione ngati pulinta ikuyankha pa netiweki. Imeneyi ndi nambala ya pulinta yomwe tinailemba pakapepala n'kumata pa pulintapo chaka chatha. Yabwera mizere inayi yofanana: "Reply from 192.168.1.7: Destination host unreachable." Pansi pake akuti Received = 4, Lost = 0. Nanga ngati palibe chatayika, vuto lili pati?

Wamawaya wa ku Ndirande

Mayi, yang'anitsitsani amene akuyankhayo. Inu mwagogoda pa .20, koma wayankha ndi .7, ndipo .7 ndi laputopu yanu yomwe. Lembani ipconfig muona. Ikukuuzani kuti yafunsa pa netiweki yonse kuti mwini wa .20 ndani, palibe wavomera. Windows imawerenga uthenga umenewo ngati yankho, n'chifukwa chake ikuti Lost = 0. Zero ameneyo wapusitsa ambiri, ngakhale ife a ntchitoyi.

Yankho lenileni limachokera ku nambala yomwe mwaitana, ndipo limakhala ndi bytes=32, time ndi TTL.

Ine ndikuganiza kuti rauta itayakanso inagawa nambala mwatsopano, pulinta n'kulandira ina. Pitani pa menyu ya pulinta musindikize tsamba la network configuration. Nambala ikayamba ndi 169.254, ndiye kuti sinalandire kanthu ku rauta. Pamenepo onani waya ndi timagetsi ta pomwe walowera.

Mphunzitsi wa makompyuta, Mzuzu

Ndiwonjezereko pang'ono. Tsiku lina mudzaona "Request timed out", musadzathamangire kunena kuti makina afa. Kompyuta ya Windows nthawi zambiri firewall yake, chitetezo chotchinga mauthenga ochokera kunja, imakana kuyankha ping, chonsecho ili moyo ndipo ikugwira ntchito. Ndinatayapo masana onse ndikusintha mawaya abwinobwino chifukwa cha zimenezi.

Ana anga m'kalasi ndimawauza kuti Mike Muuss, yemwe analemba pulogalamuyi mu 1983, anaitcha ping potengera kulira kwa sonar ya sitima za pansi pa madzi. Umaponya mawu n'kumvetsera ngati abwerera.

Mayi wa Fotokope, Zomba

Achimwene a ku Ndirande, mwalasa. Tsamba latuluka, pulinta yasamukira pa .11. Ping yayankha time=3ms kanayi konse. Koma sinasindikize mpaka nditalowa mu Printer properties, pa Ports, n'kusintha nambala yakale ija. Kapepala ndang'amba. Ndiye magetsi akazimanso ndidzayambirenso zomwezi?

Wamawaya wa ku Ndirande

Ayi mayi. Pa tsamba lomwelo pali MAC address ya pulinta, nambala yake yachibadwa yomwe sisintha magetsi akazima. Lowani mu rauta, pezani DHCP reservation, pomwe mumauza rauta kuti izipatsa chipangizo nambala yomweyo nthawi zonse, mumangirire .11 ku MAC imeneyo. Mukatero zimitsani rauta ndi pulinta dala, muyatsenso, muchite ping 192.168.1.11 makasitomala asanafike.