Senior wandiuza kuti ndingochonga ma invoice omwe sindinawaone, ndichite bwanji?

Membala wobisa dzina:

Akuluakulu a m'gulu lino, makamaka amene munagwirapo ntchito ya audit, ndikupempha nzeru. Dzina ndabisa chifukwa ena a ku ofesi kwathu ali momuno.

Ndine mtsikana, ndili chaka chachitatu cha accountancy, ndipo holide ino ndinapeza malo a attachment pa kampani ina ya ma auditor ku Blantyre. Si imodzi mwa makampani anayi akuluakulu a audit padziko lonse aja, koma makasitomala ili nawo okwanira. Poyamba ntchito yanga inali fotokope, kunyamula mafaelo ndi kulemba manambala pakona pa pepala lililonse ndi bolopeni yofiira. Sindinadandaule. Kenako anandiika m'timu yopita kwa kasitomala, n'kundipatsa mbali ya zogula. Senior, amene amatsogolera timu yathu, anasankha ma transaction 40 mu ledger (buku la maakaunti la kasitomala), ine ndipeze invoice ya iliyonse, ndione ngati dzina la wogulitsa, tsiku, ndalama ndi VAT zikugwirizana ndi zomwe zinalembedwa, ndione GRN yosonyeza kuti katunduyo anafikadi, ndikatero ndichonge.

31 ndazipeza, zili bwinobwino. 9 palibe. Accountant wa kasitomala amangoti zili ku sitolo yosungira katundu, abweretsa mawa, koma mawa lakelo silikufika. Faelo ikuyenera kukhala pa tebulo la manejala Lachisanu. Dzulo senior anandiuza kuti ndingochonga zonse, ndalama zake n'zochepa, palibe adzafunse. Komatu pamwamba pa working paper, pepala limene timalembapo ntchito ya audit, pali malo olemba zilembo za dzina la amene wagwira ntchitoyo ndi tsiku, ndipo zilembozo n'zanga, osati zawo.

Musawaone ngati munthu woipa. Ndi iwowa amene andiphunzitsa bank reconciliation mpaka ndinamvetsa, pomwe m'kalasi ndinkangoloweza. Tikaweruka usiku amaonetsetsa kuti galimoto ya ofesi yandisiya pafupi ndi kwathu, poti ndalama imene amatipatsa imathera pa minibasi mwezi usanafike pakati. Ndi iwonso amene adzalembe fomu yanga yopita kusukulu, ndipo ndamva kuti kampaniyi ikamalemba ma trainee imayambira kwa amene anachita attachment.

Ndiye ndichonge, ndikane, kapena ndipite kwa manejala? Ndikapita kwa manejala, sikukhala kuwanenera? Chinanso chaching'ono: timaweruka 8 koloko usiku koma pa timesheet amati tilembe maola 8 basi. Ndi mmene zimakhalira kulikonse?

Ndemanga

Bambo wina, amagwira ntchito kubanki:

Mchemwali, ntchito m'Malawi muno zikusowa. Anzako ali ndi madigiri akugulitsa kaunjika mu Limbe. Wabwera miyezi ingapo chabe, ukufuna ukonze zimene unazipeza? Chonga, tenga kalata yako, dzipita. Amene amasaina lipoti ndi partner, mmodzi mwa eni kampani ya ma auditor, osati iwe.

Mayi wina, auditor kwa zaka zambiri:

Mwana wanga, usamvere zimenezo. N'zoona kuti lipoti amasaina ndi partner, koma amasaina atadalira mapepala amene ali m'faelo, ndipo pepala lako likunena kuti iwe, pa tsiku lakuti, unaona invoice ndi maso ako. ISA 230, limodzi mwa malamulo a ntchito ya audit, imafuna kuti pepala lililonse lisonyeze amene anagwira ntchito, tsiku lomwe anamaliza, ndi amene analiwunika. Faelo imeneyo satayanso msanga, imasungidwa zaka zosachepera 5. Tsiku lina nkhani ikadzavuta, munthu amene sakukudziwa adzatsegula tsambalo, ndipo senior wako adzakhala atapita kale ku kampani ina. Zilembo zako zidzakhala pompo.

Koma ndikuona kuti wadzipanikiza pakati pa njira ziwiri, kuchonga kapena kukanena, pomwe ntchito yeniyeni ili pakati pake. Invoice ikasowa, auditor sakhala pansi n'kumalira. Umafunafuna umboni wina. Pita pa bank statement, uone ngati ndalama yomweyo inatuluka kupita kwa wogulitsa yemweyo. Funsa statement ya wogulitsa, uone ngati nambala ya invoice ikuonekapo. GRN ilipo? Delivery note? Purchase order yosainidwa ndi woyenera kusaina? Zikavuta, timu ikhoza kulembera wogulitsayo kalata kuti atsimikize yekha. Zimene wapeza uzilembe monga zilili: invoice sinaoneke, ndaona izi ndi izi m'malo mwake. Upange chizindikiro china chosiyana ndi chochonga chija, ufotokoze tanthauzo lake pansi pa tsamba. Ukatero sunakane ntchito, sunanenere munthu, ndipo sunaname. Kuti 9 zimenezo n'zazing'ono kapena ayi, aweruze ndi manejala. Amalipidwa chifukwa cha zimenezo.

Komanso 9 mwa 40 si nkhani yochepa monga akukuuzira. Sample, 40 zosankhidwa zija, imaimira mulu wonse wa zogula za chaka. Ngati pafupifupi imodzi mwa zinayi ilibe pepala, funso silikhalanso la ndalama za 9 zimenezo ayi, limakhala la mmene kampaniyo imasungira mapepala ake, kapena chifukwa chake mapepala ena okha ndi amene akusowa.

Wobisa dzina:

Zikomo kwambiri mayi. Za bank statement sindinaziganize. Koma kodi ndikalemba choncho popanda kuwauza senior, sadzaona ngati ndawachita chipongwe?

Mayi yemwe uja:

Uwauze, ndipo uwauze iwo poyamba. Usalankhule ngati wawagwira. Unene kuti, achimwene, 9 zija ndazitsata pa bank statement, zakuti ndazipeza, zakuti ayi, ndalemba motere, taonani ngati ndalemba bwino. Ukatero watumiza kaimelo kakafupi kobwereza zomwezo. Ambiri akaona kuti ntchito yachitika kale amangoti chabwino.

Mnyamata wina, senior pa kampani ina ku Lilongwe:

Ndiyankhuleko mbali ya ma senior poti tikutukwanidwa muno. Ntchito iliyonse imabwera ndi bajeti ya maola, yochokera pa ndalama zimene partner anagwirizana ndi kasitomala. Ukapyola maolawo, pa appraisal amati sudziwa kuyendetsa timu. Makampani ambiri amatseka mabuku pa 31 December, ndiye Januwale mpaka Malichi umakhala ndi mafaelo atatu nthawi imodzi, manejala akuimba foni, kasitomala akubisala. Ndi pamene mawu oti ingochonga amatulukira. Sindikuti n'zabwino. Ndikungoti munthuyo mwina watopa chabe, si wakuba. Iwe ukamupeputsira ntchito monga anenera mayiwa, adzakukonda kuposa amene anachonga mwakachetechete.

Za timesheet, eya, zimachitika m'malo ambiri, ndipo zimatipweteka tokha. Chaka chamawa bajeti amaipanga poona maola a chaka chino. Mukalemba 8 pomwe munagwira 12, ndiye kuti timu ya chaka chamawa mwaiphera ufulu. Iwe monga wa attachment sungasinthe zimenezo, koma sunga kabuku kako kolemba maola enieni ndi ntchito imene unagwira.

Mtsikana wina:

Kabuku kameneko n'kofunikadi pa chifukwa china. Ngati udzachite ACCA, maphunziro a ukatswiri wa accountancy, amafuna miyezi 36 ya ntchito ndi ma performance objective 9 (zolinga za luso la pantchito zoti ukwaniritse), ndipo miyezi ya attachment ikhoza kuwerengedwa bola asaine munthu amene ndi accountant wovomerezeka ndipo ankayang'anira ntchito yako. Ine ndinachita kusakasaka amene anali manejala wanga patapita zaka, atasamukira ku Johannesburg. Funsa usanachoke kuti angakusainire ndani. Ku ICAM, bungwe la ma accountant m'Malawi muno, nakonso funsa mmene amawerengera, usadikire kumaliza sukulu.

Bambo wa kubanki uja:

Zonsezi n'zokoma pa Facebook. Fomu ikadzabwera ndi ndemanga yoti "samva malangizo", mudzamulemba ntchito inuyo?

Mayi wina, amaphunzitsa accountancy:

Achimwene, mafomu amenewo ine ndimawawerenga chaka ndi chaka. Sitingodalira mawu a senior mmodzi. Timapita kukaona ophunzira komwe ali, timalankhula ndi manejala, timawerenga logbook. Mwana wanga, ngati zitafika poti akukuopseza ndi fomu, uza mphunzitsi amene akuyang'anira attachment yako nthawi yomweyo, osati utabwerera kusukulu. Koma sindikuganiza kuti zifika pamenepo.

Ndipo tisamaiwale komwe tachokera. Cashgate ya 2013 inali ndalama za boma zolipiridwa kwa makampani amene sanapereke katundu kapena ntchito iliyonse. Malipiro amenewo anadutsa m'manja mwa anthu ambiri, ndipo si onse anali akuba. Ena ankangopititsa pepala patsogolo poti wamkulu wanena. Sindikuti kasitomala wakoyu akuba, mwina mapepalawo alidi m'katoni ku sitolo. Koma ntchito imene wapatsidwayi, yoona ngati cholipiridwa chinafikadi, ndi yomweyo imene inalephereka nthawi ija.

Bambo wina, amathandiza makampani pa zamisonkho:

Onjezani iyi. Ngati kasitomalayo anapempha kuti abwezeredwe VAT ya zogula pa ma transaction amenewo, a MRA akadzabwera adzafuna tax invoice yeniyeni yokhala ndi TPIN (nambala ya msonkho) ya wogulitsa, sadzamva zoti ili ku sitolo. Akaisowa amakana VAT imeneyo, n'kuwonjezera chilango. Ndiye pomuuza accountant uja, usamupemphe ngati akukuchitira chifundo. Muuze kuti ndi bwino mapepalawo apezeke lero ali ndi inu kusiyana ndi kudzasowa pamaso pa a MRA. Mudzaona mmene athamangire. Nkhani ngati imeneyi ndi imene imalowa mu management letter, kalata imene ma auditor amalembera akuluakulu a kampani yofotokoza zofooka zimene apeza, ndipo makasitomala anzeru amayamikira.

Admin:

Mchemwali, wachita bwino kusatchula kampani kapena kasitomala. Ena akukufunsa ku inbox kuti ndi kuti, usawayankhe, ngakhale akhale a kumpingo kwanu. Kusunga chinsinsi cha kasitomala ndi limodzi mwa malamulo asanu a makhalidwe a accountant, ndipo limakugwira ngakhale uli wa attachment. Usajambulenso ledger kapena invoice pafoni n'kutumiza pa WhatsApp kuti anthu akuthandize. Amene alembe dzina la kampani pansipa, ndemanga yake tichotsa.

Mnyamata wina:

Ife attachment yathu inali yogula mandasi a ofesi yonse ndi kukapereka makalata pa kabaza. Wina akudandaula kuti wapatsidwa working paper yakeyake. Moyo suli chimodzimodzi, abale.

Wobisa dzina, Lachinayi madzulo:

Ndabwera ndi zotsatira poti ambiri mwafunsa. Ndinatsata zonse 9 pa bank statement, ndipo ndinamuuza accountant uja nkhani ya MRA monga ananenera bambo aja. Masana omwewo anabwera ndi ma invoice 5, ati anali m'faelo ya chaka chatha. Ziwiri zina ndazipeza pa statement ya wogulitsa, GRN ziliponso. Senior nditawaonetsa anangoti, "Wadzivutitsa, koma siya choncho," n'kusaina. Sanakwiye, kapena ngati anakwiya sanaonetse.

Zatsala ziwiri, ndipo ndi zimene zandibweretsanso. Zonse n'za wogulitsa mmodzi, ndalama zake n'zozungulira ndendende popanda matambala, zinalembedwa sabata yomaliza ya chaka, GRN palibe, ndipo pa bank statement ndalamazo zinatuluka pa cheke cha cash, osati kupita ku akaunti ya wogulitsayo. Ndalemba zimenezi pa pepala monga zilili. Senior akuti adzakambirana ndi manejala mawa. Mayi auditor aja, ngati mukuwerenga: accountant wa kasitomala wandifunsa kawiri lero kuti ndalemba chiyani pa ziwiri zimenezi, ndipo wapempha nambala yanga ya foni. Ndimuyankhe kuti chiyani, ndipo kodi zoti akundifunsazi ndiwauze senior okha kapena manejala yemwe?