Kodi mawu a Chiromaniya oti "ochean" anachokera kunyanja kapena kumaso?

Wofunsa: Abale odziwa zilankhulo, ndithandizeni. Ndikuphunzira Chiromaniya pang'onopang'ono, ndiye ndakumana ndi mawu achikale oti ochean, dzina la kachipangizo kooneka ngati chitoliro kokhala ndi mandala, koonera zinthu zakutali. Ine ndimaganiza kuti anachokera ku ocean, nyanja yamchere, poti amalinyero ndi amene ankakayika padiso ali m'ngalawa. Ndalondola?

Woyamba kuyankha: Ayi achimwene, mwanamizidwa ndi kalembedwe kathu. Ife tikaona ch timatchula ngati mu "chala", koma Aromaniya amatchula ngati k. Ochean amati "okyan". Chodabwitsa n'chakuti ocean, yopanda h ija, ndi imene amatchula kuti "ochean" mwa kawerengedwe kathu! Mawu awiriwa si pachibale ayi.

Wachiwiri: Zoona. Gwero lake ndi mawu a Chitaliyana, occhiale, ochokera ku occhio, diso. Atafika pakamwa pa Aromaniya anawakhotetsa kuti afanane ndi mawu awoawo a diso, ochi. Zonsezi mayi wake ndi mmodzi, oculus wa Chilatini. N'chifukwa chake magalasi a maso amati ochelari.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi ichi: occhiale ndi dzina limene Galileo ankatchula chipangizo chake polemba m'Chitaliyana. Hans Lippershey wa ku Middelburg, m'dziko la Netherlands, anapempha umwini wa chipangizochi mu 1608, Galileo n'kupanga chake mu 1609, ndipo mu Januwale 1610 anaonera miyezi ya Jupiter. Dzina loti telescopio linabwera pambuyo, mu 1611, paphwando la bungwe la akatswiri a sayansi lotchedwa Accademia dei Lincei ku Rome, ndipo analipeka ndi Mgiriki Giovanni Demisiani. Ndiye kamawu kanu kachikaleka kakusunga dzina limene linalipo telesikopu isanatchedwe telesikopu.

Wofunsa: Aaa, ndiye nyanja yanga ija yaphwa basi. Nanga lunetă, amene ndikumuona kawirikawiri m'malo mwa ochean?

Wachiwiri: Ameneyo anadzera ku Chifalansa, lunette, kutanthauza "kamwezi", chifukwa galasi lake n'lozungulira ngati mwezi wathunthu. Chenjerani naye ocheană: ameneyo ndi nsomba ya m'madzi opanda mchere, musakapemphe m'sitolo ya mandala.