Kodi timizu ta mitengo ya m'nkhalango timakula pa nyengo imodzi?

Wosamala nazale, Chongwe:
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Mu Okutobala ndinakumba pansi pa mombo ndi msuku m'munda mwanga, ndipo timizu tating'ono tonga ulusi tinali tochepa ndi touma, ngakhale kuti mombo unali utaphuka kale masamba ake ofiira. Nditakumbanso mu Januwale, dothi lapamwamba linali lodzaza ndi timizu toyera. Kodi mtengo umaphuka bwanji timizu tisanakule, nanga mitengo yonse imatsata nyengo yomweyi?

Mlangizi wa zankhalango, Chilanga:
Bambo, zimene mwaonazo n'zoona. Timizu tosaposa mamilimita 2 kunenepa ndi timene timayamwa madzi ndi chakudya, ndipo tambiri timakhala m'dothi lapamwamba lomwe kuno limauma gwa kuyambira Meyi mpaka mvula ya Novembala. Mombo sudikira timizu timeneti kuti uphuke, chifukwa umadalira chakudya chimene unasunga m'thunthu ndi m'mizu ikuluikulu, komanso chinyezi chapansi kwambiri. Mvula ikanyowetsa dothi m'pamene timizu tapamwamba timachulukanso. Mombo ndi msuku zimakhala mothandizana ndi bowa amene ulusi wake umakuta nsonga za timizu, n'chifukwa chake bowa wambiri wa m'miombo amamera m'dzinja pansi pa mitengo yomweyi, ndipo nkhalango ikadulidwa kuti awotche makala, bowayo amasowa.

Mlimi wa ku Kafue:
Ine ndikupempha kuti tisaiwale msangu, pakuti khalidwe lake ndi losiyana kotheratu. Umayoyola masamba m'dzinja n'kubiriwira m'chilimwe, pomwe mitengo ina ili mbee, popeza muzu wake waukulu umatsika mpaka pamadzi apansi. Munthu wokumba ndi khasu pamwamba pokha sangadziwe zimene msangu ukuchita, chifukwa ntchito yake yambiri m'chilimwe imachitikira kumene khasu silifika.

Mayi wobzala mitengo, Kanyama:
Bambo a ku Chongwe, popeza muli ndi nazale, mbande za msuku muziwokera kumayambiriro kwa Disembala dothi litanyowa bwino, kuti timizu tipeze miyezi itatu kapena inayi ya chinyezi. M'machubu muziikamo dothi pang'ono lotapa pansi pa msuku waukulu kuti mbande zipeze bowa uja. Mbande ya mombo ikauma kumtunda m'chilimwe musaizule, chifukwa kawirikawiri muzu umakhala wamoyo ndipo umaphukanso mvula ikagwa.