Batire la sola likutha msanga usiku, vuto lingakhale pati?

Moni nonse akuluakulu. Ndikupempha nzeru kwa amene mumadziwa za sola. Ndikayatsa TV madzulo, inveta (kachipangizo kosintha magetsi a batire kukhala ngati a m'nyumba) ikuyamba kulira pasanathe ola limodzi, kenako n'kuzima.

Zida zake ndi izi: panelo ya 150W, batire la gel la 12V 100Ah lomwe latha chaka ndi theka, controller (kachipangizo kowongolera kutchaja kwa batire) ya mtundu wa PWM ya 20A ndi inveta ya 500W. Zomwe ndimalumikiza ndi TV ya LED ya mainchesi 32, dikoda ndi mababu atatu a 5W, zonse pamodzi pafupifupi 75W. Pamenepa batire likukoka ma amp 7 kapena 8, ndiye ngakhale nditangogwiritsa theka la mphamvu yake, liyenera kupirira maola asanu kapena kuposera.

Ndikayeza batire ndi multimeter (choyezera magetsi) cha m'ma 2 koloko masana likuonetsa 14.1V. Dzuwa likalowa batire likukhala pa 12.7V, zomwe zimaoneka ngati ladzaza, koma ndikangoyatsa TV likutsika kufika 11.3V m'mphindi zochepa. Apa ndi pamene pakundidetsa nkhawa.

Panelo ndapukuta, matemino ndakwecha ndi kumangitsa, mawaya opita ku inveta ndaika a 10mm², inveta ina yobwereka yachitanso chimodzimodzi. Ndili ku Thyolo, ndipo chiperoni chatikuta masiku ano, komabe vutoli lidayamba dzuwa likuswa mtengo.

Kodi selo imodzi ya m'kati mwa batire yafa, kapena batire lauma chifukwa chosadzaza mokwanira? Ndingaliyeze bwanji popanda load tester (choyezera mphamvu ya batire likamagwira ntchito)? Nanga nditagula batire la lithium la LiFePO4, controller yomweyi ingagwire, kapena mpaka ndipeze controller ya mtundu wa MPPT?

Zikomo kwambiri.