Za dambo lija: tidikire chilolezo kapena tiyambe?

Mlembi: Mwaswera bwanji nonse. Za ntchito yathu yokonza dambo lija ndafunsa, akuti tisanatseke chigwembe ndi miyala tilembe kaye project brief (chikalata chachidule chofotokoza ntchitoyo) ipite ku MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe, iwowo ndi amene aone ngati pakufunika ESIA yonse (kafukufuku wa momwe ntchitoyo ingakhudzire chilengedwe ndi anthu) kapena ayi, ndi lamulo la zachilengedwe la 2017 limenelo. Komanso poti tikukhudza kayendedwe ka madzi a National Water Resources Authority, bungwe loyang'anira za madzi, nawo ali ndi mbali yawo.

Achimwene a ku Joni: Aaa koma zinazi. Munthu woumba njerwa wakumba dambo lonse maenje okhaokha palibe anamufunsa pepala, ife tikufuna kubwezeretsa bango ndi kudzala vetiva ndiye tiyende maofesi awiri? Malamulowa afewetsedwe basi, wokonza ndi wowononga asamayime pa mzere umodzi

Msungichuma: Ine nkhawa yanga ndi thumba. Akati ESIA ndiye kuti tilembe ntchito katswiri, ndalama tasonkha zija zithera pa lipoti mwala ngakhale umodzi usanaikidwe, mvula nkubwera chigwembe nkukulanso

Aphunzitsi: Achimwene ndakumvani koma tiyeni tione uku. Mukangoti aliyense wonena kuti akukonza dambo asatenge chilolezo, mawa wina abwera ndi ekisikaveta, akumba damu lake la nsomba kapena kukokolola mchenga, pa chikwangwani nkulemba kuti kubwezeretsa chilengedwe. Mumuletsa bwanji? Ndipo madzi ukawatseka samangokhala phee, amabwerera m'mbuyo. Madimba ali m'mphepete aja amira, a kumunsi madzi awachepera chaka choyamba. Pepala lija ntchito yake ina ndi yoti anthu amenewa afunsidwe.

Achimwene a ku Joni: Ndiye tingokhala manja lende aphunzitsi?

Aphunzitsi: Ayi. Kufewetsa ndikugwirizana nako, koma kutengere mtundu wa ntchito. Ya manja ngati kudzala bango, kuzula bulugamu amene akumwa madzi pakati pa dambo, kuyala timiyala tosapitirira m'mawondo, imeneyo ikanakhala fomu imodzi wa zachilengedwe wa ku khonsolo nkubwera kudzaona, basi. Koma pakalowa makina kapena khoma la simenti ndondomeko yonse itsatidwe.

Mayi a komiti ya madimba: Zikomo aphunzitsi mwatikumbukira. Ambiri mukulemba muno muli mtauni, ife dimba ndiye ndiwo ndiye fizi ya ana. Sitikukana, chitsime chimaphwa msanga masiku ano tikuona tonse, dambo likasunga madzi ndife tomwe tipindule. Koma mutiuze madzi adzafika pati, mukhome zikhomo tione ndi maso, osati tidzangodzuka mbewu zili m'madzi

Msungichuma: Apa mayi anena zoona, ine za zikhomo sindinaziganize

Achimwene a ku Joni: Chabwino koma wina alembe kalata kwa a MP za fomu imodziyo, tisamangodandaula pa gulu. Nyanja ya Chilwa inaphwa kwambiri 2018 tonse tinaona zithunzi, madambo ang'onoang'ono ngati lathuli ndi amene amasunga madzi a mitsinje

Wapampando: Tamvana. Alembi yambani brief ija, mulembemo kuti makina sitigwiritsa ntchito. Loweruka tikumane ndi amfumu ndi eni madimba tikakhome zikhomo, nazale ya vetiva tiyambiretu poti imeneyo sidikira munthu. Achimwene kalata ya a MP ndi yanu, mutumize muno tiione isanapite.